A Fabiao ndi Lole ya Zikwanje

Kwathu kuno kwa Nthache mukafunsa za a Fabiao, anthu sayamba ndi nkhondo ayi. Amayamba ndi nkhuku. Bambo amenewa chifikireni m'mudzi muno sanaphepo nkhuku ndi dzanja lawo. Kukabwera alendo ankathamangitsa okha tambala mpaka kumugwira, n'kumumanga miyendo bwinobwino, kenako n'kumupereka kwa akazi awo a Iness pamodzi ndi mpeni. Akatero ankalowera kuseri kwa nyumba ngati aiwalako kanthu. Ife tinkawaseka. Ine makamaka, poti a Iness ndi asuweni anga ndipo makomo athu ndi oyang'anizana, ndinali ndi ufulu wonse wa chilamu wowanena mmene ndafunira.

"Alamu, kodi usilikali uja munali msilikali weniweni, kapena munkangowatungira madzi anzanu?"

Iwo ankangomwetulira n'kuti, "Mayi Esinati, idyani nyama. Mbiri isiyeni."

Ena sankaseka. Ankanong'onezana kuti munthuyu ali ndi chirope, matenda aja amati amagwira munthu amene anakhetsa magazi a mnzake osasamba mankhwala: maso amafiira, mtima n'kumafuna kuphanso. Panali amayi amene ankakokera ana awo kumbuyo a Fabiao akamadutsa. Ine zimenezo zinkandinyansa, chifukwa zaka zonse ndakhala nawo moyandikana sindinawaonepo akumenya ngakhale galu wakuba. Maso awo ankafiira ndithu, koma ndi utsi wa uvuni wa makala, ngati a mwamuna aliyense wa kuno.

Anabadwira kuseri kwa Zobue, ku Mozambique. Anthu amfuti anawapeza akukolola mapira ndi amayi awo, ndevu zisanayambe n'kumera komwe, n'kuwatenga. Akafunsidwa kuti ankamenyera mbali iti, yankho lawo linali limodzi: "Mbali ya amene anayamba kundipeza." Patapita zaka anathawa, n'kulowa m'Malawi pamodzi ndi khamu lija la othawa nkhondo limene linadzaza Mwanza yense. Mtendere utabwera, nthawi imene ifenso kuno tinali kalikiliki ndi za matipate, malole anayamba kututa anthu kubwerera kwawo. A Fabiao sanakwere. Kwawoko kunalibenso wowalandira. Anakwatira a Iness, n'kumanga nyumba pamalo a kuchikazi monga amachitira mkamwini aliyense. Anzawo anawalangiza kuti mkamwini sabzala mitengo, poti tsiku lililonse akhoza kuuzidwa kuti akulunge mphasa. Iwo anabzala manachesi munda wonse, n'kumati akadzawathamangitsa adzadya ndi ana awo.

Za kutchalitchi anandiuza ndi a Iness. Atamaliza kalasi, ubatizo uli pafupi, a Fabiao anapita okha kwa abusa a nthawi imeneyo, popanda wowaitana, n'kuwauza kuti kunkhondo kuja anapha munthu. Abusawo anali munthu wachifundo, ndipo anafuna kuwapeputsira katundu.

"Imeneyo inali nkhondo, bambo. Munalamulidwa. Msilikali safunsidwa mlandu wa magazi a kunkhondo."

"Ndiye afunsidwa ndani, abusa?"

"Amene anaiyambitsa."

"Amenewo ndawamva pa wayilesi. Agwirana chanza, akhululukirana, nkhani akuti yatha. Koma munthu ndinaphayo sanapite kukamufunsa. Tsono ngati ine sindifunsidwa, iwonso safunsidwa, ndiye kuti magazi aja anangotayika ngati a mbuzi?"

Abusa akuti anati Mulungu ndiye adzafunse onse.

"Ngati ndi choncho," anatero a Fabiao, "mundibatize monga munthu amene anapha, osati monga munthu amene sanalakwe. Gawo langa ndalivomera, ndi langa. Koma gawo la ashefi sindiwasenzera."

Ashefi ndi mawu a kwawo otchulira bwana, ndipo mpaka lero aliyense wolamula anzake amamutchula choncho. Anabatizidwa. Chiyambire pamenepo sanajombepo kutchalitchi, ngakhale mvula igwe bwanji, koma udindo uliwonse ankaukana. Anali munthu wa benchi ya kumbuyo.

Ana anabereka anayi, wamwamuna mmodzi yekha, Dercio. Mnyamatayu anakula wamtali, wa mapewa ngati a bambo ake, koma pakamwa anatengera kuchikazi, kwathu kuno, kumene sitisunga mawu. Sukulu anaisiyira pa Fomu 2. Ankaotcha makala n'kumakankha matumba pa njinga kupita nawo ku boma, kutsika ndi kukwera zitunda zathu zija, ndipo madzulo ankabwera ali mbuu ndi mtima wowawa. Mnyamata wotere akamva kuti kuli munthu wamkulu akumufuna, safunsa kawiri.

Ndiye chinafika chaka china cha chisankho. Inu mukudziwa mmene kumakhalira: anthu amene sanapondepo m'mudzi mwanu amayamba kukudziwani ndi dzina, maliro aliwonse amabwera kudzalira kuposa anamfedwa. Ine pandekha ndili ndi nsalu za zipani zinayi, ndipo zonse zimafunda chimodzimodzi. Chaka chimenecho amene ankafuna uphungu kuno anali a Timoti Gwedeza, munthu wa malole ake, wokhala ku boma, komanso mkulu wa mpingo kumeneko. Anali wolankhula mofatsa, wa nsapato zowala, ndipo sankayamba kanthu kalikonse popanda pemphero. Tcheyamani wawo kudera lathu anali a Malcolm, mchimwene wake wa a Iness, amalume ake a Dercio, mwini mbumba.

A Malcolm ndi amene anasonkhanitsa anyamata a m'mudzi n'kuwatcha achitetezo. Poyamba ntchito yawo inali yokweza mbendera m'mitengo. Kenako inakhala yotsitsa mbendera za ena. Kenako miyala. Tsiku lina Dercio anabwera malaya ali ndi magazi amene sanali ake, akuseka mokweza kwambiri, akusimba mmene anthu a chipani chinacho anabalalikira. Bambo ake anali pakhonde akusenda chinangwa. Anasiya kusenda n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Pambuyo pake anandiuza kuti si magaziwo anawaopsa, koma kusekako, chifukwa kuseka kumeneko anakumvapo kale m'kamwa mwawo momwe.

Anthu a chipani chinacho anabwezera, n'kuvulaza mnyamata mmodzi wa a Gwedeza. Mbiri inamveka kuti Loweruka adzachititsa msonkhano pamsika wina kutsidya kwa mtsinje, ndipo achitetezo athu anauzidwa kuti akonzeke. Lachisanu masana ndinali pakhomo panga ndikupeta, ndipo ndinaona Dercio atakhala pamwala akunola chikwanje. A Fabiao anabwera n'kuima kumbuyo kwake.

"Dercio, chikwanje cha makala amanola pakati, podulira. Iwe ukunola mpaka kunsonga. Ndi mtengo wanji umenewo?"

"Amalume ati tikangowaopseza basi."

"Ifenso ankatiuza choncho."

"Aaa bambo, inu nkhuku imene imakukanikani, ndiye mungandiuze chiyani za amuna?"

Ndinafuna kuponya lichero n'kukamupatsa khofi mwanayo. Bambo ake anangovala nsapato n'kulunjika kwa a Malcolm. Ine ndinawatsatira, sindibisa, poti nkhani ya pa mbumba ndi yanganso.

Tinawapeza a Malcolm atakhala pampando wa ndalema, atavala chipewa cha chipani ngakhale anali pamthunzi.

"Alamu," anatero a Fabiao atakhala pansi, "ndabwera kudzapempha mwana. Mawa asakwere lole."

"Mwana wake uti?"

"Dercio."

"Dercio ndi wa mbumba yanga. Ine ndi amene ndidzamuimirire akadzakwatira, ine ndi amene ndidzayankhe akadzapalamula. Inu munabwera kuno ndi kathumba kamodzi. Ndale za ku Malawi simungazimvetse, alamu. Kuno kulibe nkhondo, iyi ndi kampeni."

"Kwathu inandipeza ngati mmene ikumupezera iyeyu. Lole, nyimbo, ndi munthu wamkulu wotsalira kumbuyo. Kodi mwana wa a Gwedeza akwera nawo?"

"Ameneyo ali pasukulu ku Blantyre."

"Nanga a Gwedeza eni akewo?"

A Malcolm anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo. "Tamverani. Bwana akapambana, Dercio apeza ntchito pa malole awo. Inu mwamupatsa chiyani kupatula uvuni? Mukasokoneza za mawa, mukulunga mphasa yanu. Ndanena ine."

Tinabwerera kunyumba. A Iness tinawapeza akulira m'khitchini, poti uku ndi mchimwene, uku ndi mwamuna, ndipo mwana ali pakati. Anayesa kumunyengerera Dercio, koma iye anali atapereka kale chikwanje chija kwa anzake kuti akachisunge. Ine ndinati tikauze apolisi. A Fabiao anati apolisi akamadzafika kuno lole ikhala itawoloka kale mtsinje. Ndinawafunsa kuti nanga atani. Anati sakudziwa, koma mwana wawo sakwera ulendo umenewo iwo ali moyo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Loweruka m'mawa lole inaima pabwalo la mpira. Kumbuyo kwake kunali lona wopindidwa, ndipo aliyense ankadziwa chimene chinali pansi pake, koma aliyense ankayang'ana kumbali. Anyamata anakwera, ena atayamba kale kununkha kachasu. Ife amayi anatiitana kuti tidzaimbe powatsanzika. A Gwedeza anafika pa galimoto yawo yaing'ono, n'kupereka moni wa m'manja kwa akuluakulu onse, n'kupepesa kuti iwo sapita nawo chifukwa ali ndi zina zofunika ku boma.

Apo ndi pamene ndinawaona a Fabiao. Anavala jekete lawo la Lamulungu, tsitsi atapesa, ndipo anakhala kutsogolo kwenikweni, munthu amene moyo wake wonse amakhala kumbuyo. Anali atawaonera bwanawo pa misonkhano ingapo ndipo anadziwa khalidwe lawo. A Gwedeza akafika m'mudzi sankapemphera okha. Ankayang'ana bambo wachikulire wooneka bwino n'kumupatsa ulemu umenewo, kuti anthu aziti bwana ndi wodzichepetsa. Ndipo zinaterodi.

"Ulendo uliwonse timayamba ndi Mulungu," anatero. "Bambo athu a jekete awo, titsogolereni."

A Malcolm anadumpha kuti akawanong'oneze, koma anachedwa. Zipewa zinali zitavulidwa kale, mitu itawerama, ndipo a Fabiao anali ataimirira. Tsono kwathu kuno pemphero salidula. Kaya wopempherayo watalikitsa mpaka miyendo kuchita dzanzi, kaya wasokonekera, mumadikira mpaka Ameni. Ngakhale woledzera amadziwa zimenezo. Mkulu wa mpingo ndiye angayerekeze bwanji pamaso pa anthu amene akufuna mavoti awo?

"Atate wathu wakumwamba," anayamba a Fabiao, mawu ali pansipansi, "ife tatsinzina, koma Inu simutsinzina. Mukuona pansi pa lona paja. Pali zikwanje. Ana awa akupita nazo kutsidya, kumene kuli ana anu ena."

Wina anatsokomola. Woyendetsa lole anazimitsa injini.

"Inu mukukumbukira, Ambuye, tsiku lija kumtsinje kwathu. Ine ndinali wamng'ono kuposa ana awa. Tinagwira bambo wina atasenza thumba la mchere. Ashefi anati ndi kazitape. Ashefiwo sanabwere kumtsinje, anatsala pamthunzi akumeta ndevu. Anandipatsa chikwanje, poti zipolopolo ankasunga. Bambo uja atandiona anati, mwana wanga, dikira nditule mcherewu ungagwere m'madzi. Ndinadikira. Anatula bwinobwino pamwala. Ndiye ndinamutema."

Ndinamva a Iness akugwira mkono wanga. Zoti amuna awo anapha ankadziwa, koma za mcherezo ankazimva koyamba ngati ife tonse.

"Munandikhululukira, Ambuye, ndikukhulupirira. Koma chiyambire tsiku limenelo ndiwo iliyonse ya mchere ndimadya ndi bambo ameneyo. Ashefi aja sindikudziwa ngati amamukumbukira n'komwe. Mwana wanga Dercio ali pa lolepo, akumva lero. Ndinamubisira kuti asachite nane manyazi. Bola achite nane manyazi kusiyana n'kuti akhale ngati ine."

Apa mawu awo anakwera, ndipo anamveka mpaka kuseri kwa golo.

"Inu munati usaphe. Simunati usaphe pokhapokha akakutuma, ndiye wotemayo asadzanamizire bwana wake. Komanso Inu simupusitsika. Simufunsa dzanja lokha n'kusiya pakamwa pamene panatuma. Kuno timati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma masiku ano akudya ndi akulu, opotedwa ndi ana. Ndiye pempho langa ndi limodzi. Magazi amene akhetsedwe lero muwagawe bwino. Gawo la ana awa lipite kwa ana awa. Gawo la amene wathira mafuta m'lole, amene wagula kachasu, amene watsala kuti akakhale pabwino ku boma, lipite pamutu pake, limutsate kunyumba kwake ndi ku gome lanu la mgonero. Musalakwitse pogawa, Ambuye. Ine ndathera pamenepa. Ameni anene ndi ashefi athu a Gwedeza, poti ulendowu ndi wawo."

Anakhala pansi.

Ine ndinatsegula diso limodzi, ndipo ndinapeza kuti theka la anthu latsegulanso limodzi. Tonse tinkayang'ana a Gwedeza. Anaima chipewa chili pachifuwa, thukuta likutsika m'khosi. Kunena Ameni kunali kuvomera zonse zija pamaso pa Mulungu ndi anthu. Kusanena kunali kulisiya pemphero lili chitsegukire, anthu osatha kuvala zipewa kapena kusuntha. Munthu wa mawu okoma uja anasowa ngakhale limodzi. Mapeto ake anavala chipewa, n'kuyenda osathamanga kupita ku galimoto yake, n'kutseka chitseko.

"Ameni!" anakuwa a Malcolm. "Ameni, anthu inu! Amayi, nyimbo!"

Palibe anayankha, ndipo palibe anayambitsa nyimbo. Ine amene ndimatsogolera nyimbo pa zochitika zonse ndinangopinda manja. Ndinali ndi mkwiyo, komanso manyazi kuti ndabwera kudzavinira zikwanje.

A Fabiao sanayang'ane bwana kapena mlamu wawo. Maso awo anali pa lole. Dercio anali ataima pakati pa anzake atagwira chitsulo cha m'mbali, nkhope itauma. Wina anamukoka malaya kuti akhale pansi. Iye anamukankha, n'kuponda pa tayala, n'kudumphira pansi. Sanapite kwa bambo ake. Anadutsa pambali pawo ngati sakuwadziwa, n'kulowera njira ya kuphiri. Anyamata ena ochepa anatsikanso, amayi awo akuwakoka. Otsalawo a Malcolm anawakalipira, injini inalira, ndipo lole inapita.

Ndikanakonda ndikanati pemphero lija linaimitsa zonse, koma ndingakhale ndikunama. Tsiku limenelo kutsidya kuja kunafa munthu. Anali telala wosoka pakhonde la sitolo, dzina lake Zakeyu, amene analibe chipani chilichonse. Anangotuluka kuti alowetse makina ake anthu atayamba kuthamanga. Anyamata awiri a m'mudzi mwathu anamangidwa, ndipo mmodzi wa iwo, Kinsley, anali mnzake wa Dercio wa pa uvuni. A Gwedeza anaima pa nsanja n'kudzudzula ziwawa mwamphamvu, n'kunena kuti anyamata amenewo sakuwadziwa. Anthu anawomba m'manja. Chisankho anapambana.

A Malcolm anasunga mawu awo, anaitanitsa mbumba kuti mkamwini wonyoza achoke. Koma mbumba ndi ife akazi. A Iness, munthu wofatsa uja, anaimirira n'kunena kuti amuna awo akakulunga mphasa iwonso akulunga yawo. Amake Kinsley, maso atatupa ndi kulira, anafunsa a Malcolm kuti mwana wawo akamutenga liti kundende poti anamukweza lole ndi iwo. Nkhani inathera pomwepo, ndipo a Fabiao alipobe mpaka lero.

Iwo sanaone ngati apambana. Mlungu wotsatira anavala jekete lija n'kuyenda wapansi mpaka ku boma, kukapempha akulu a mpingo wa kumeneko kuti awakhazike pansi a Gwedeza n'kuwafunsa. Anawauza kuti mtsikana akatenga mimba ya pathengo sipatha mwezi asanamuimitse mgonero, nanga munthu amene lole yake yabwerako ndi maliro? Anawayankha kuti nkhaniyo ili kukhoti, ndipo palibe umboni woti bwana anatuma. Anabwerera. Akulu aja atakumananso, anawapeza a Fabiao atakhala kale panja. Anachita zimenezo chaka ndi chaka, mpaka ena anayamba kuwatcha amisala, ena n'kumati chirope chija chatulukira poyera. Ine ndinawafunsapo kuti alamu, simutopa kodi? Anati wotopa ndi amene akuyembekeza kupambana, iwo akungofuna kuti pasadzapezeke wonena kuti sanauzidwe.

Chimene chinkawadya usiku ndi usana chinali Dercio. Mwanayo anapulumuka ku lole, koma kunyumba sanabwerere ndi mtima wake. Masabata angapo sanalankhule ndi bambo ake. Ankadya kwa ine, ankagona kwa anzake, akakumana nawo panjira ankapatuka. A Fabiao sanamukakamize. Anandiuza kuti ngati mtengo wa pemphero lija ndi kuti mwana wawo asadzawatchulenso bambo, alipira, bola manja ake ali oyera. Ananena molimba mtima, koma ndinaona kuti akuwonda.

Tsiku lina chakumasana, mvula yoyamba ili pafupi, a Fabiao anali pakhonde akukhoma khasu mu mpini watsopano. Ine ndinali pomwepo ndi a Iness tikusankha mbewu ya mtedza. Dercio anatulukira, n'kuima kaye, kenako anakhala pansi pafupi ndi bambo ake. Tinafuna kuchoka koma anati tikhale.

"Bambo," anatero, "munthu wa mchere uja, dzina lake anali ndani?"

"Sindinamufunse."

"Kwawo?"

"Sindikudziwa. Ndayesa kuganiza kuti mcherewo ankapita nawo kwa ndani. Sindidzadziwa."

Dercio anatola kamtengo n'kumakanda pansi. "Ndinapita kukamuona Kinsley. Wandiuza kuti chikwanje chimene anatemera telala uja ndi changa. Nditadumpha ndinachisiya pansi pa lona. Iye anasankha chimenecho poti chinali chakuthwa kuposa zonse."

A Iness anafuula kuti, "Iwe sunapiteko! Si mlandu wako umenewo, mwana wanga!" Inenso ndinatsala pang'ono kunena zomwezo. Tonse tinayang'ana a Fabiao kuti amutonthoze. Iwo anaika khasu pansi. Ndinadziwa kuti akulimbana ndi mawu aja amene abusa anawapatsa iwo kalekale, mawu ofewa amene bambo aliyense angafune kupatsa mwana wake.

"Unanola ndiwe?"

"Eya."

"Unkadziwa chimene ukunolera?"

Dercio anagwedeza mutu kuvomera, misozi ikugwera pa fumbi.

"Ndiye gawo lako lilipo. Ndi laling'ono kuposa la Kinsley, ndi laling'ono kwambiri kuposa la ashefi. Koma lilipo, ndipo sindikunamiza."

"Ndiye nditani, bambo?"

A Fabiao anamugwira paphewa, koyamba chichitikire zonse zija. "Iwe uli ndi mwayi umene ine ndinalibe. Ukudziwa dzina lake. Ukudziwa khomo lake. Mkazi wake ali ndi ana ang'onoang'ono, ndipo munda wake sunalimidwe."

"Akatithamangitsa."

"Akatithamangitsa tibwerera. Mawa lake tipitanso."

Kutacha ndinawaona akutsika njira ya kumtsinje, bambo patsogolo, mwana pambuyo, aliyense khasu lake paphewa. Mayi wamasiye uja anawathamangitsadi, ndi miyala yomwe. M'mawa wotsatira ananyamukanso.